A Nankhoma a Kuchidikiro

Tinawaika Lachiwiri lapitali a Nankhoma, ndipo ndabwerako kumaliroko mtima ukuwawa kuposa mmene ndinapitira. Si imfa yandipweteka ayi. Munthu anali atakalamba, miyendo itatupa, maso asakuonanso bwino, imfayo inangowapumuza. Chandipweteka ndi pakamwa pa a Zimba, wapampando wa komiti ya chipatala chathu, amene anaimirira pamanda atavala jekete, chipewa chili m'manja, n'kumauza anthu kuti dera lino lataya mayi wa amayi onse. Ati dzina lawo silidzaiwalika pachipatala. Amayi ena mpaka anavomera kuti eee. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa pakamwa pomwepo ndi pamene panatuluka mawu owathamangitsa pachipatalapo, ndipo tsiku limenelo ndinalipo. Ena mwa ovomera aja analiponso.

Chipatala chathu n'chaching'ono, chili pakati pa maesiteti a fodya, kutali ndithu kuchoka pa Mtunthama. Kuseri kwa wodi ya amayi kuli chidikiro, nyumba ya zipinda ziwiri yopanda mabedi, mmene oyembekezera amagona pamphasa kudikira tsiku lawo. Aliyense amabwera ndi gadiyani wake, mayi ake kapena apongozi, womuphikira ndi kumuchapira. Chipatala chimakupatsa namwino ndi bedi lochirirapo, basi. Beseni, zitenje, pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, lezala, ulusi, ufa, nkhuni, zonsezo uone wekha. Ukabwera wopanda munthu, ndiye kuti ukachira udzadzuka wekha kukatunga madzi kumjigo.

Opanda munthuwo anali ambiri. Akazi a matenanti, obwera ndi lole kuchokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene amuna awo sangachoke m'munda mwa bwana ngakhale tsiku limodzi, ndipo mayi awo ali kutali kosafikika. A Nankhoma anali gadiyani wa amenewo. Palibe anawalemba ntchito, palibe ankawalipira. Kale anali mzamba m'mudzi mwawo, moti ambiri mwa anyamata amene anasenza bokosi lawo anatulukira m'manja mwawo. Chaka chimene boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi, anzawo anangopinda manja n'kukhala. Iwo anapinda mphasa, n'kusenza mphika, ulendo wa kuchidikiro. Ankati boma laletsa manja awo kulandira mwana, koma za kusonkha moto silinanenepo kanthu.

Motowo unali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chidikiro, ndipo pamafuwa pankakhala mgolo wodula pakati. Madzi a mumgolomo sankazizira. Kwathu kuno nkhuni zinatha kalekale, zigafa zoumitsira fodya zinadya mitengo yonse, choncho ankasonkha zitsononkho, mapesi, ndi mitengo youma ya fodya imene utsi wake umatsamwitsa ngati tsabola. Zosonkhazo ankazipeza mwa kukhometsa msonkho amuna obwera kudzazonda akazi awo. Mwamuna akangotsika panjinga chimanjamanja, ankamutsekera njira.

"Mwabwera ndi chiyani, bambo?"

"Ndangobwera kudzamuona, agogo."

"Maso ali nawo kale awiri mkazi wanuyo. Bwererani mukatole zitsononkho, ndiye mudzamuone."

Ndinaona ndi maso anga aphunzitsi a tayi akutola mapesi m'munda mwa eni chifukwa cha mayi ameneyu. Oledzera a nyengo yogulitsa fodya ndiye ankachita kuwathamangitsa ndi chikuni.

Mwana akabadwa, anthu onse amathamangira kukasuzumira kankhope kake, kuona ngati wafanana ndi bambo ake. A Nankhoma sankayamba ndi mwana. Ankati mwana sasowa womukonda, koma mayi akangochira anthu amamuiwala ngati thumba la feteleza lokhuthula. Iwo ankalowa m'wodi n'kulunjika kumapazi a mayi, kuwagwira ngati azizira. Kenako phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lotentha, ndipo ukati sukufuna ankakhala pomwepo mpaka mbale iyere. Ukapezako mphamvu ankakutsogolera kubafa, mkono wako uli paphewa pawo, n'kukuthowa msana ndi m'chiuno ndi kansalu koviika m'madzi otentha, pang'onopang'ono, mpaka thupi likumbukire kuti ndi lako. Nsalu zamagazi zimene ngakhale mbale wako amazigwira ndi zala ziwiri, iwo ankachapa akuimba. Pomaliza ankakupesa tsitsi. Ankati munthu asatuluke m'chipatala ngati wachokera kundende.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Pakamwa pawo panali lumo, ndipo fodya wa m'mphuno sankachoka pamfundo ya chitenje chawo. Wa mimba yoyamba akamalira kuti akufa, ankamufunsa ngati tsiku limene ankaitenga mimbayo anaitana anthu kuti adzamumvere chisoni. Tinkaseka misozi ili m'maso. Amayi a kumpingo, obwera Lachinayi atavala zoyera kudzaimba ndi kusiya sopo, anakangana nawo kangapo. Tsiku lina anawadula nyimbo pakati, n'kuwauza kuti Mulungu wamva kale, aike mabuku pansi agwire beseni. Awiri anagwiradi. Enawo anakawanenera kwa abusa kuti gogo wa kuchipatala alibe mwambo.

Amene ankakangana naye kwambiri, komanso kudya naye mbale imodzi, anali Mayi Mbewe, namwino wathu. Ndinene zoona, Mayi Mbewe ankaidziwa ntchito, ndipo anali yekha pa amayi a dera lonseli. Anakangana za madzi otentha, namwinoyo akuti amawononga pamene pasokedwa. A Nankhoma anang'ung'udza sabata yathunthu, kenako anagonja, ndipo kuyambira pamenepo wosokedwa ankangomuthowa msana. Lamulo la boma lija a Nankhoma ankalisunga kuposa amene analilemba. Matenda akayamba, ankamuperekeza mayi mpaka pakhomo la leba, chipinda chochiriramo, n'kuika manja kumbuyo, n'kubwerera kumoto. Wobwera kumene aliyense ankamusanthula chikwama kufuna mwanamphepo, mankhwala achikuda aja ofulumizitsa matenda, ndipo akawapeza ankakataya kuchimbudzi mwini wake akuona. Ankati anaikapo mtsikana m'manda chifukwa cha mankhwala amenewo, sakufunanso. Pamene Mayi Mbewe anachira mwana wake wachiwiri pachipatala pomwepo, abale ake ali kutali, anamuthowa ndi kumuchapira ndi a Nankhoma. Namwinoyo ankawaitana kuti amayi.

Zimene anawathamangitsira zinachitika mvula yoyamba itagwa, ine ndili kuchidikiro ndi mimba yachitatu. Anthu anali atasunga makuponi milungu ingapo koma feteleza osabwera, chimanga chikumera. Mmawa wina inamveka mbiri yoti lole yafika kudepoti. Amene anakhalapo zaka zimenezo akudziwa kuti feteleza wa makuponi sankagona, ukachedwa umapeza fumbi lokha. Pachipatala panangoti mbwee. Mlonda anapita, wokolopa anapita, magadiyani ambiri anapita, adokotala anali kuboma kumsonkhano. Mayi Mbewe nayenso anali ndi kamunda kake kuseri kwa nyumba za ogwira ntchito, ndipo kuponi anali nayo. Anabwera kuchidikiro n'kutifunsa mmodzimmodzi ngati wina akumva kanthu. Tonse tinati ayi. Anakhoma loko pawodi, n'kukwera kabaza, akuti ola limodzi silikwana abwera.

Dzuwa lili pamutu anafika Esinati, mkazi wa tenanti wa paesiteti ina, atakhala panjinga mwamuna wake akukankha. Anali mtsikana wamng'ono, mimba yoyamba, ndipo nsupa inali itasweka kale panjira. Analibe beseni, analibe kanthu, chitenje chokhacho chimene anavala. Anafika pakhonde la wodi, n'kupeza loko. Wina anaimba foni ya namwino, inangolira osayankhidwa. A Nankhoma anamutuma mwamunayo kuti apalase mpaka kudepoti. Iwo anaima pamenepo manja ali kumbuyo, ndipo ndinaona zala zawo zikufinyana.

Esinati anagwada pasimenti. Tsidya lina, pamabenchi a odwala wamba, panali amuna akuyang'ana.

"Anganga, ndithandizeni," anatero m'kayankhulidwe ka kwawo. "Ndikufa ine, anganga."

A Nankhoma anayang'ana kumsewu kamodzi. Kunalibe njinga.

"Inu asanu, vulani zitenje zapamwambazo," anatiuza. "Gwirani m'makona, mutchinge. Mutembenukire kunja, mwana wa eni asachite manyazi. Nabanda, lezala yako ndi yatsopano? Bwera nayo, ndi ulusi womwe."

Nabanda ndi ine. Ndinathamanga mmene munthu wa mimba yakucha angathamangire, ndinabwera nazo, n'kugwira kona yanga pafupi ndi chitseko. Loko uja anali pamphuno panga penipeni, wamkulu, wamkuwa. Tinaima choncho amayi asanu, mimba kutsogolo, mikono m'mwamba, dzuwa likuwotcha. Kumbuyo kwathu tinkamva a Nankhoma akusamba m'manja, kenako mawu awo, osakalipa ngati masiku onse, akumuuza mtsikanayo nthawi yokankha ndi yopuma. Panakhala kachetechete amene sindidzamuiwala. Anadzatiuza pambuyo pake kuti mchombo unali utazinga khosi la mwana. Kenako mwana analira, wamwamuna, ndipo mmodzi wa ife anayamba kulira nawo chitenje chili m'manja.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Esinati anayamba kutaya magazi, ndipo anafika mpaka pamapazi athu. A Nankhoma anamuika mwana kubere, n'kumatikita mimba osaleka, thukuta lili kamukamu. Ndi mmene Mayi Mbewe anatipezera, ali pakabaza, kumbuyo kukubwera njinga ina yonyamula matumba awiri. Nkhope yake inachita phulusa. Anatsegula loko, anabaya jakisoni, anaika diripi, anaitana ambulansi. Esinati anapita naye kuchipatala chachikulu kuboma, anamuwonjezera magazi, ndipo anakhala moyo. Aliyense amene analipo akudziwa amene anamusunga mpaka namwino afike.

Kuboma anafuna kudziwa chifukwa chake mayi anachirira pakhonde la chipatala masana dzuwa likuswa mtengo. Anati abwera Lolemba kudzafunsa. Loweruka a Zimba anatulukira kuchidikiro, akumwetulira, kudzatizonda. Anatiuza kuti tiganize bwino. Namwino akachotsedwa, boma lidzatenga miyezi kuti litumize wina, ndipo amayi a dera lino azidzachirira m'ngolo panjira ya kuboma. Gogoyu, iwo anati, alibe ntchito yoti imuthere, angobwerera kwawo basi. A Zimbawa tsiku la feteleza lija anali pamzere womwewo kudepoti, ndipo ndi iwo anathandiza kumanga matumba a namwino panjinga. Lamulungu Mayi Mbewe anatiyeza tonse asanu, modekha kuposa masiku onse. Akundipima ine, anangoti, "Nonsenu mudutsa m'manja mwanga sabata ikubwerayi."

Lolemba anabwera bambo wina wa magalasi ndi mayi wolemba. Tinakhala pamphasa, akuluakulu pamipando. Mayi Mbewe anayankhula maso ali pafailo. Anati iye anali m'nyumba mwake akudya nkhomaliro, pafupi pomwepa. Anati gogoyu anamubisa mtsikanayo kuseri kwa chidikiro kuyambira mmawa, anamumwetsa mwanamphepo kuti amuchiritse yekha monga ankachitira kumudzi, ndipo anabwera naye pakhonde zinthu zitavuta kale. Mwanamphepo! Munthu amene ankatisanthula zikwama ngati wapolisi wa pamsewu. Esinati anali chigonere kuboma, mwamuna wake ali m'munda mwa bwana, ndipo palibe anaganiza zoti tenanti n'kuitanidwa pabwalo.

Bambo wa magalasi anafunsa a Nankhoma ngati ali ndi mawu.

"Ine ndiyankhulenji, bambo? Mawu a nkhalamba ndi mphepo. Afunseni anawa. Anagwira nsalu ndi iwowa."

Anatero mosatekeseka, akukunkhumula fodya pachikhatho, ngati munthu amene wasiya katundu wake m'manja mwa abale. Bamboyo anatembenukira kwa ife.

"Amayi, funso langa ndi limodzi. Pachitseko panali loko kapena panalibe?"

Wina ankakonza mpango, wina ankatokosa mphasa ndi chala. Mwana anagunda m'mimba mwanga, ndipo ndinaganiza za bedi lija, ndi manja amene adzandigwire ndikadzakhala kuti sindingathe kudziteteza. Bamboyo anandiloza.

"Inu mayi, akuti munali pafupi ndi chitseko."

"Ine sindinaone bwino, bambo," ndinatero. "Tinali titatembenukira kunja."

Ndimawamvabe mawu amenewo mmene anatulukira, osalala, ngati ndinawakonzekera. A Nankhoma anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Akunena zoona," anatero. "Ndinawauza ndine kuti atembenuke."

A Zimba anaimirira, n'kukonza jekete, n'kunena kuti komiti yagwirizana kuti mayi Nankhoma asadzapondenso pachipatala pano, ndipo athokoze kuti nkhaniyi sikupita kupolisi. Mayi wolemba analemba. Alendo anakwera galimoto. A Nankhoma anabwerera kumoto, chifukwa m'wodi munali mayi wina wochira dzulo lake amene anali asanasambe. Anamusambitsa, anamupesa, kenako anapinda mphasa yawo. Tinawaona akudutsa pageti, ndipo palibe mmodzi wa ife anadzuka kuti awasenzere mphika.

Ine ndinachira Lachinayi, bwinobwino, m'manja mwa Mayi Mbewe. Chaka chisanathe, Mayi Mbewe anapempha yekha kusamukira kutauni, ndipo anapita osatsazika. Tinakhala miyezi yambiri opanda namwino, amayi akuchirira m'ngolo, chimodzimodzi mmene a Zimba anatiopsezera. Tinagulitsa munthu kuti tigule chinthu chimene sichinali chogulitsa, ndipo otinyengawo palibe anabwera kudzapepesa, kwa ife kapena kwa iwo. Ndimawakwiyira mpaka lero. Koma ndikafika pa dzina langa mkwiyowo umasowa kolowera.

Ndinapitako kamodzi kwawo, mwana atayamba kuyenda, nditatenga paketi ya shuga. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anamunyamula mwanayo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anati ali bwino. Kenako anandifunsa amene anandithowa nditachira. Ndinati palibe, apongozi anali atapita kukabzala.

"Ndiye msana umakuvuta mvula ikamabwera."

"Umandivuta, agogo."

"Uzikuvuta," anatero. Anakankhira shuga uja kumapazi anga. "Tenga, Nabanda. Ukapatse amene umawaopa. Ine sunandiope, n'chifukwa chake unandichita zimene unandichita."

Ndinayesa kuyankhula, koma anali atabwerera kale ku nyemba zawo. Pachipatala sanapondeponso, ngakhale miyendo itatupa chotani. Adzukulu akati awakweze njinga akalandire mankhwala, ankati komiti inawaletsa, ndipo iwo ndi munthu womvera malamulo.

Dzulo ndinadutsira kuchipatalako pochokera kumsika, mapazi anangonditengera. Chidikiro anachipaka penti yobiriwira, ndipo pakhoma anajambulapo mayi wonenepa akumwetulira ndi khanda, pansi pake mawu olimbikitsa amayi kuchirira kuchipatala. Mtengo wa mango anaudula, chatsala chitsa chimene a kabaza amatsamiritsapo njinga. Pamene pankayaka moto pamera chisoso ndi bonongwe wofika m'mawondo. Magadiyani amaphikira patali, aliyense kambaula kake ndi wodwala wake, ndipo akamaliza amazimitsa makala ndi madzi kuti mnzake asapalepo.

Pakhonde la kuseri panali mtsikana atakhala pasimenti popanda choyala, khanda la tsiku limodzi lili pamiyendo, pambali pake ndowa yopanda kanthu. Milomo inali itauma, tsitsi lili nyankhalala. Ankayang'ana kumjigo ngati akuyeza mtunda wake. Nditamupatsa moni ndinamva kuti si wa kuno.

"Gadiyani wanu ali kuti?"

"Ndilibe, amayi. Abambo ali kuesiteti, bwana wakana." Anayang'ananso kumjigo. "Kodi pano palibe amene amathandizako ife opanda abale?"

"Analipo," ndinatero.

"Anapita kuti?"

Ndikanatha kunena kuti anamwalira, ndipo sichikanakhala bodza. Ndinatola ndowa ija.

"Tinawathamangitsa," ndinamuuza. "Ine ndi anzanga anayi."